Mibadwo ya Usiku Umodzi

Magetsi amabwera teni koloko usiku,
ndiye ntchito yanga imayamba Harare akugona.
Pansanjika yachinayi ndavula nsapato,
ndathira m'ketulo madzi a m'chigubu
chomwe ndakwera nacho masitepe.

A Chirinda andisiyira funso patebulo:
mathanki atatu, zitsime khumi ndi ziwiri,
nyumba za ku Budiriro, Glen View, Mufakose,
ndalama zochepa ngati mchere wopempha kwa neba.
Mapaipi adutse pati?
Njira zake n'zochuluka kuposa maluwa a jakaranda
omwe amasesedwa mu Okutobala.

Choncho sindijambula. Ndimaweta.

Ndimwaza mapu mazana awiri obadwa mwachisawawa,
ena opusa zedi: paipi yolunjika kumanda,
ina yozungulira bwalo la mpira
n'kubwerera pomwe yachokera.
Kompyuta iwayeza
monga wogula tomato ku Mbare,
kudina, kutembenuza, kubweza pamulu.
Okwera mtengo afe.
Ofikitsa madzi modontha afe.
Otsalawo ndiwakwatitsa popanda ankhoswe,
kumpoto kwa uyu, kummwera kwa uyo,
mwana abadwa ndi mphuno ya wina, miyendo ya wina.
Ndipo apo ndi apo, mwadala,
ndilola paipi imodzi isochere,
poti mbumba yofanana nkhope yonse
imakwera chulu choyamba n'kukhala pansi,
ikuyesa yafika pansonga ya phiri.

Pofika thu koloko, mibadwo zikwi zitatu yadutsa.
Ine ndine wachitatu chabe.
Woyamba anachoka ku Ntcheu wapansi,
nsapato zili pakhosi kuti zisathe.
Wachiwiri, bambo anga a Lifeyo,
anakumba ngalande za kansolo zaka makumi atatu
chitupa chikuwatchabe mlendo.
Mapaipi adzimbiri ndikufuna kuzulawa
anawakwirira ndi fosholo yawo.
Ankadziwa pomwe nthaka imafewa poiponda chabe.
Ine ndimafunsa makina.

Folo koloko, wopambana waonekera.
Wowonda, waukhondo, wotchipa.
A Chirinda adzandigulira chakudya chamasana.
Ndikukulitsa chithunzi, ndikutsata mzere ndi chala,
mpaka kuseri kwa dambo
komwe chala chikupitirira, mzere osapitirira.

Nyumba makumi anayi ndi imodzi.
Ndabwerera m'mbuyo kufufuza maliro:
paipi yawo inafa mumbadwo wa mazana asanu ndi atatu,
inali yaitali, inali yodula,
ana ake sanabadwe.
Palibe analira. Palibe anaba.
Masamu anachita zomwe ndinawatuma.
Ndine ndinati wotchipa akhale ndi moyo.

Ndikuidziwa ya geti lobiriwira ija.
Mai Tsverukai amakhala mmenemo,
ndipo nthawi ino adzuka kale,
wilibala ikulira, zigubu zisanu,
kukaika mwala pamzere wa pamjigo
kuti uwasungire malo.
Pa mapu angawa iwo ndi kadontho
komwe kamawononga avereji.

Tiyi wazizira.
Ndatsegula pomwe ndinalemba tanthauzo la "wabwino",
timizere tisanu ndi tiwiri basi,
ndawonjezera kamodzi:
nyumba iliyonse yosiyidwa
ikhale ngongole yolemera pamsana pa mapu,
yolemera kuposa chitsulo, kuposa simenti,
kuti womutaya mnzake asabereke.

Ndafufuta wopambana uja.
Anali wokongola, ndisaname.

Mazana awiri atsopano abadwa, opusa ngati oyamba.
Faifi koloko magetsi athima monga mwa nthawi zonse,
batire yati yatsala ndi mphindi makumi anayi.
Kumusi, ku Copacabana, oitanira makombi ayamba kukuwa.
Mbadwo wa makumi asanu ndi anayi,
wa zana limodzi, wa zana ndi khumi,
ndipo taonani, kapaipi kena kokhota, kosaoneka bwino,
kasochera kulowera kudambo.

Ndakhala chete, ndagwira kapu ndi manja awiri.
Sindikudziwa ngati kafike batire isanathe.
Mtengo wake ndauona kale.
Eyiti koloko ndikauyankhire kwa a Chirinda.